Khrisimasi yanga yoyamba muchisanu, ana ali kumudzi: inu munaidutsa bwanji?

Mayi wa ana awiri, Leeds:
Abale anga, moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano osalemba kanthu, koma lero zandikulira. Ndinabwera kuno ku England mu Meyi, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ana anga awiri ndinawasiya ndi mayi anga ku Ntcheu, poti monga mukudziwa, kuyambira mu Malichi 2024 ife a ntchito imeneyi satilola kubwera ndi mabanja. Wamkulu ali ndi zaka 9, wamng'ono 5. Chibadwire chawo sindinadyepo Khrisimasi popanda iwo.

Chikundisautsa si kuzizira kokha ayi, komanso mdima. Ndimachoka pakhomo kuli mdima, pobwera kuli mdima. Dzulo ndinasuzumira pawindo 4 koloko isanakwane, magetsi a mumsewu atayaka kale. Thupi likungofuna tulo, chakudya sichikulowa. Pa 25 sindikugwira ntchito, ndipo anzanga awiri amene timakhala nyumba imodzi akupita kwa abale awo. Ndiye kuti nditsala ndekhandekha. Inu amene mwakhalitsa kunja kuno, tsikuli mumalidutsa bwanji? Komanso ndizivala chiyani? Jekete imene ndinagula pa kaunjika ku Lilongwe mphepo ya kuno ikungoiboola.

Agogo a ku Luton:
Mwana wanga, pepani kwambiri. Mwandikumbutsa kutali. Ine ndatha zaka zoposa 20 kuno, koma Khrisimasi yoyamba ija sindidzaiwala. Ndinadzuka m'mamawa, kusamba, kumanga chitenje changa chabwino pamwamba pa thalauzi, ulendo wa pasiteji kuti ndikwere basi ya kutchalitchi. Ndinaima pamenepo pafupifupi ola lathunthu, zala zitauma gwa, msewu uli zii ngati kwagwa maliro. Panalibe anandiuza kuti tsiku limeneli basi kulibe. Ndinabwerera m'nyumba n'kulira mpaka madzulo.

Ndiye choyamba dziwani chimenecho. Pa 25 dziko lino limaima. Sitima siziyenda, ngakhale ku London komwe sitima zapansi ndi mabasi ofiira aja zimapuma. Pa 26 zimayenda zochepa chabe. Masitolo akuluakulu ku England ndi ku Wales lamulo limawauza kutseka, mungopeza tigolosale ta m'makona tina n'tina. Zofunika zonse mugule pofika pa 23, ndipo ngati pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku katengeni sabata ino, chifukwa kwa dokotala wanu kukhala kotseka.

Kwathu Khrisimasi ndi ya pamsewu. Aliyense ali panja, ana akuzungulira mudzi ndi zovala zatsopano, wailesi ikulira pagolosale, khomo lililonse ukapita akuti lowani mudye. Kuno ndi ya m'nyumba, chitseko chotseka, banja lokhalokha. Sikuti eni dzikoli ndi ouma mtima, mwambo wawo ndi umenewo. Koma kwa mlendo zimapweteka.

Namwino wa ku Glasgow:
Achemwali, zatulo ndi kusafuna chakudyazo musazipeputse. Kwathu usana ndi usiku sizisiyana kwambiri chaka chonse, matupi athu anazolowera kuti 6 koloko m'mawa dzuwa lili pamwamba. Kuno ku Glasgow pa 21 Disembala limatuluka cha m'ma 8:45, pofika 3:45 masana lalowa. Ndi maola pafupifupi 7 okha, ndiponso masiku ambiri limangokhala kuseri kwa mitambo. Ku Leeds kwanuko mumatiposa ndi mphindi zosakwana 30.

A NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, amalangiza anthu onse kumwa vitamini D, mamaikulogalamu 10 patsiku, kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Ife akhungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse, poti khungu lathu limafuna dzuwa lambiri kuti lipange vitamini ameneyu. Amagulitsa m'mafamase ndi m'masupamaketi popanda kalata ya dokotala, ndipo si wodula. Chinanso, nthawi yopuma masana tulukani panja ngakhale mphindi 20, kuwala kwa kunja ngakhale kuli mitambo kumaposa kwa babu. Mukaona kuti papita masabata awiri mtima ukungolemerabe, kaonaneni ndi dokotala, si zamanyazi. Masiku a tchuthi nambala ya foni ya NHS, 111, imagwira ntchito, ndipo a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu amene mtima wawalemera, mukhoza kuwaimbira ulere pa 116 123 usana ndi usiku, pa 25 pomwe.

Ndiwonjezereko china chimene ndimanena chaka chilichonse pagulu pano. Chonde chonde, makala m'nyumba ayi. Kaya ndi mbaula, kaya ndi kowotchera nyama kaja kotaya mukagwiritsa ntchito, musalowetse m'nyumba kuti muothe. Nyumba za kwathu mpweya umalowa m'mazenera ndi pansi pa denga, komabe timamva za anthu ofa ndi mbaula m'mwezi wa Juni. Za kuno n'zomata paliponse. Mpweya wa makala sununkha, suoneka, munthu amangomva mutu ndi chizungulire, kugona osadzukanso. Onani ngati m'nyumba mwanumo muli alamu ya mpweya umenewu, umene amati carbon monoxide, ngati mulibe muwauze eni nyumba.

Mlonda wa ku Manchester:
Ine ndinena zosiyana pang'ono, mundikhululukire. Achemwali, ngati kuntchito kuli mpata, pemphani shifiti ya pa 25. Ine ichi ndi chaka chachisanu ndikugwira tsiku limeneli, ndipo ndimachita kupempha ndekha. Malo ambiri amawonjezera malipiro pa Khrisimasi, ngakhale lamulo silikakamiza, ndiye yambani mwaona kontirakiti yanu. Ndalama imeneyo imafika nthawi yake yeniyeni. Kumudzi chimanga chikufuna feteleza wobereketsa, mu Januwale sukulu ikutsegula, ndipo ndi miyezi imene ufa umatha m'nyumba zambiri. Kukhala m'chipinda n'kumaganiza sikuwathandiza anawo. Tinabwerera ntchito kuno. Mungowerengera bwino za takisi, chifukwa tsiku limeneli mitengo imakwera, mwina theka la zimene mwawonjezeredwa n'kuthera pamsewu.

Agogo a ku Luton:
Bambo a ku Manchester, za feteleza mukunena zoona, palibe angatsutse. Koma mwanayu wanena kuti chakudya sichikulowa. Munthu wotere mukamuuza kuti awonjezere ntchito, mu Febuluwale agwa, ndiye feteleza wa chaka chamawa agula ndani? Ndaona atsikana ambiri akubwera kuno, kugwira mashifiti otsatizana osapuma, osapita kutchalitchi, osadziwana ndi munthu, kenako tikumva kuti ali m'chipatala. Tsiku limodzi lokha adye nsima ndi anthu olankhula chinenero chake.

Mlonda wa ku Manchester:
Agogo, ndamva. Sindimati asapume. Ndimangoti kwa ine kugwira ntchito n'kumene kunandipulumutsa chaka choyamba, chifukwa chimene ndinkaopa ndi chipinda chija. Ngati pali kopita, apite. Ngati palibe, kuntchito kuli anthu.

Namwino wa ku Glasgow:
Onse awiri mukunena zoona. Ine ndagwirapo Khrisimasi zingapo muwodi. Pali okalamba ena amene sabwera kudzawaona ndi mmodzi yemwe, ndipo ukakhala nawo pansi n'kuwagwira dzanja, umapeza kuti osungulumwa tsiku limenelo si iwe wekha. Koma chaka choyamba, ndili mbali ya agogo.

Achimwene a ku Ndirande:
Abale, ine ndili kumudzi kuno, ndinalowa gulu lino chifukwa mng'ono wanga ali ku Ireland. Ndifunse mosabisa, musandimve molakwa. Ife kuno timaona zithunzi zanu, magetsi okongola m'misewu, mitengo yowala, masitolo odzaza. Kuno ambiri chaka chino nkhuku ya Khrisimasi sakuiona, mpunga ndi wongolawa. Ndiye tikamva kuti mukulira, timasowa chonena. Kodi si bwino kulira uli ndi chakudya?

Mayi wa ana awiri, Leeds:
Achimwene, funso lanu silinandipweteke, ndi limene ndimadzifunsa ndekha usiku. N'chifukwa chake sindiwauza mayi anga kuti ndikuvutika. Ndikaimba foni ndimaseka, ndimati kuno zonse zili bwino. Ndingadandaule bwanji kwa munthu amene akundilerera ana, akulima yekha, akudikira ndalama yanga? Zithunzi zimene mumaonazo timajambula mphindi imodzi, titavula chipewa kuti tioneke bwino. Sitijambula chipinda chimene tikugona titavala juzi ziwiri poopa kuyatsa hita chifukwa mayunitsi akutha. Sindikunena kuti mavuto anga aposa anu, ayi ndithu. Koma mwana wanga wamng'ono sabata yatha anandifunsa kuti, amama, mubwera ndi basi ya Khrisimasi? Ndinadula foni dala, n'kunamizira netiweki.

Achimwene a ku Ndirande:
Pepani mayi. Ndamva. Usiku uno ndimuimbira mng'ono wanga, nthawi zonse amati ali bwino ndipo ine ndimangofulumira kunena za ndalama.

Wophunzira wa ku Tromsø:
Moni akuluakulu. Ine ndiyankhe za zovala ndi mdima, poti ndili kumpoto kwa Norway kumene dzuwa silituluka n'komwe kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale. Masana kumangoyera pang'ono, kuwala kobiriwira ngati m'bandakucha, maola ochepa, basi kwada. Mwezi woyamba ndinkadzuka osadziwa ngati ndi m'mawa kapena madzulo.

Anthu a kuno ali ndi mwambi woti nyengo yoipa kulibe, zoipa ndi zovala. Chimene ndinaphunzira n'chakuti ife timalakwitsa pofuna chijekete chimodzi chachikulu. Chofunika ndi kusanjikiza. Pathupi penipeni muvale zaubweya wa nkhosa zogwira thupi, malaya ndi kabudula wamkati wofika m'mapazi. Zathonje ayi, chifukwa zimasunga thukuta ndipo mukangoima pasiteji zimazizira ngati mwavala nsalu yonyowa. Pamwamba pake juzi, kenako jekete yotchinga mphepo ndi mvula. Ku England kwanuko vuto lalikulu ndi chinyezi ndi mphepo, ndiye yakunjayo ikhale yosalowa madzi. Nsapato mugule yokulirapo ndi sayizi imodzi, yapansi pochindikala, kuti sokosi zaubweya zilowe zala n'kumasewerabe. Nsapato yothina ndi imene imaumitsa mapazi. Chipewa chophimba makutu, sikafu, magolovesi. Ndipo popeza mumayenda mumdima, pezani kachowala kaja kopachika pa jekete kuti oyendetsa galimoto azikuonani, kuno mwana aliyense ali nako.

Za Khrisimasi, kuno tsiku lalikulu ndi pa 24 madzulo. Mabelu a matchalitchi amalira 5 koloko, aliyense ali m'nyumba, patebulo pali nthiti za nkhumba kapena nthiti za nkhosa zothira mchere n'kuumitsa, zimene amati pinnekjøtt. Chaka chatha banja lina la kutchalitchi linanditenga. Chimene ndinatengako kwa iwo ndi makandulo ndi tinyali ta pawindo. Salimbana ndi mdimawo, amangoyatsa timagetsi tofiirira paliponse m'nyumba. Ndinayesa m'chipinda mwanga ndipo kunena zoona zimasintha mtima. Kandulo muzizimitsa pogona.

Bambo a ku Winnipeg:
Mphwanga wa ku Norway wanena zonse. Ndingowonjezera kuti kwa inu a ku England, choopsa kwambiri si chipale chimene chimagwa choyera chija, koma madzi oundana osaoneka pamsewu m'mawa. Muziyenda timasitepe tating'ono, manja kunja kwa matumba. Kuno ku Canada kumafika madigiri 30 pansi pa ziro, galimoto timachita kuilumikiza ku magetsi usiku kuti injini idzalire m'mawa, ndipo kukakhala mphepo khungu losaphimba limatha kuuma pasanathe mphindi 30. Ine ndinakulira ku Dedza, ndinkayesa kuzizira ndikukudziwa chifukwa cha Juni ndi Julayi wa kumeneko. Izi ndi zina.

Koma chimene ndikufuna kunena ndi cha ana. Ife tili m'mbuyo ndi maola 8, ndiye kwathu akamakhala pa mpunga masana, kuno ndi 4 koloko m'bandakucha. Ndimatchera alamu, kudzuka, kuimba pa vidiyo, mayi anga n'kuimika foni pa mpando, ine n'kumamwa tiyi iwo akudya. Inu muli ndi mwayi, mwangosiyana maola awiri. Atumizireni mayi bandulo pa 23, muwauze atchajiretu foni. Mukaimba 6 koloko m'mawa kwanuko, ku Ntcheu ndi 8 koloko, muwaona anawo atavala zatsopano asanapite kutchalitchi. Ndipo mukalira, lirani, musadule foni. Mwana kuona mayi ake akumusowa sikumuwononga.

Mayi a ku Bradford:
Ndangolowa kumene, ndinali kuntchito. Mwana wa ku Ntcheu ali pa Leeds pompa n'kumati akhala yekha? Zosatheka zimenezo. Achemwali, kuchokera ku Leeds kufika ku Bradford pa sitima ndi mphindi pafupifupi 20. Bwerani pa 24 masana, musadikire madzulo chifukwa tsiku limenelo sitima zimaweruka msanga. Mugona ndi ana anga aakazi, pa 26 bambo a kunyumba akakutulani pa galimoto. Timakumana mabanja anayi, awiri a ku Malawi, limodzi la ku Chipata, limodzi la ku Harare koma makolo awo anachokera ku Mangochi. Ndakulemberani kumbali, muone.

Musagule mphatso. Ngati mukufuna kunyamula kanthu, pitani m'mabutchala a halal ku Harehills, ku Leeds komweko, mukafunse nkhuku yolimba ija, imene imakoma ngati yachikuda. Izi zofewa za m'supamaketi ukaphika mphindi 30 zasungunuka, msuzi wake wopanda fungo. Ufa woyera ndili nawo, mpunga wa Kilombero anandibweretsera mlamu wanga mu Okutobala ndipo ndakhala ndikuusunga dala. Chambo kulibe, tigula tilapia kumsika, ndi abale ake omwewo ngakhale kukoma sikufika. Masamba timagwiritsa amene pa Chingerezi amati kale kapena spring greens, ukathira nsinjiro amayandikira mpiru wotendera.

Mlonda wa ku Manchester:
Basi, nkhani yatha, za shifiti zija ndabweza. Mayi a ku Bradford, Mulungu akudalitseni. Usipa ulipo?

Mayi a ku Bradford:
Ulipo wochepa, achimwene. Pamenepa ndikumbutse amene akubwera kuchokera kumudzi mwezi uno: nsomba zouma kapena zowamba amalola kulowa nazo ku Britain mpaka makilogalamu 20 munthu mmodzi, koma nyama ndi zamkaka n'zoletsedwa, ngakhale yofutsa. Musawapatse abale katundu woti akavutike naye pabwalo la ndege.

Namwino wa ku Glasgow:
Mtima wanga wakhala pansi. Achemwali, ngati kumene mukupitako kuli mapemphero a usiku wa pa 24, pitani. Kuno ku Scotland matchalitchi ambiri amachita mapemphero odikira pakati pa usiku, ndipo ine wa CCAP ulendo woyamba ndinadzidzimuka kumva nyimbo zimene ndinakulira, mayimbidwe omwewo, mawu okha ndiwo a Chingerezi. Ndinkaimba m'Chichewa chapansipansi, mayi wina wachikulire pambali panga n'kundifunsa kumene ndimachokera. Nditati Blantyre anaseka, akuti iyenso kwawo ndi ku Blantyre, kutauni kakang'ono kaja kali kufupi ndi Glasgow kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Mpaka lero timayenderana. Chodabwitsa n'chakuti a Scotland amene anatibweretsera mpingo, kwawo kuno Khrisimasi sinali tchuthi cha boma mpaka 1958, anthu ankapita kuntchito ngati tsiku wamba. Chikondwerero chawo chachikulu chinali cha chaka chatsopano, chimene amati Hogmanay, ndipo mpaka pano ndicho chimadzaza misewu.

Agogo a ku Luton:
Mayi a ku Bradford mwachita zaumunthu. Mwana wanga, kajekete kaja musataye, kavaleni mkati. Yakunja kafuneni m'mashopu a charity, ndi kaunjika wa kuno, mupeza yabwino pamtengo wochepa. Mugulenso botolo la madzi otentha logona nalo. Ndipo hita musamaiope kwambiri, chipinda chimene mukukhala chisatsike pansi pa madigiri 18. Zovala mukayanika m'nyumba tsegulani zenera pang'ono, apo ayi nkhungu imera m'makoma ndipo chifuwa sichikutherani.

Mayi wa ana awiri, Leeds:
Abale, ndabwerera kuno dzulo, ndati ndikuuzeni mmene zinayendera. Ndinapita pa 24 ndi nkhuku ziwiri zolimba. Nditangolowa pakhomo ndinamva fungo la mpunga uja, miyendo inachita kulobodoka, ndinakhala pa masitepe osavula ndi nsapato zomwe. Mayi anangondisiya, kenako n'kundipatsa mpeni ndi anyezi.

M'mawa wa pa 25 ndinaimba 6 koloko monga munanenera, bambo a ku Winnipeg. Ku Ntcheu mvula inali itagwa usiku, ndinkaona chimanga kuseri kwa nyumba chili biriwiri, chofika m'mawondo. Wamkulu anali mngelo m'sewero la kutchalitchi, anamuveka nsalu yoyera ya agogo ake. Wamng'ono anali ndi bango m'manja, madzi ake akuyenderera pa malaya atsopano amene ndinatumizira ndalama. Anafunsanso za basi ija. Ulendo uno sindinadule. Ndinamuuza kuti sindibwera chaka chino, ndinalira, iye anandiyang'ana n'kunena kuti andisungira bango limodzi. Mayi anga anatenga foni n'kunena kuti, iwe, ukuganiza kuti sindimadziwa? Tinalankhula nthawi yaitali kuposa masiku onse chibwerere kuno.

Chipale sichinagwe, kunali kamvula kowaza ngati chiperoni tsiku lonse. Tinadya cha m'ma 2 koloko, anthu 17 m'chipinda chochezera chimodzi, ena pansi. Ana obadwira kuno anali ndi nkhukundembo yawo ndi mbatata zootcha, ife nsima ndi mpunga, koma pamapeto pake onse anabwera ku mphika wa nkhuku. Nthawi ya 3 koloko ana anayatsa TV kuti tione uthenga wa Mfumu Charles, utangotha bambo a ku Chipata anayambitsa nyimbo ndipo tinaimba mpaka usiku. Vitamini D ndayamba kumwa, anamwino. Jekete ndapeza, nsapato ndikagula malipiro akalowa.

Chimodzi chokha chinasowa, tonse tinachitchula: thobwa. Agogo, kodi kuno chimera chimapezeka? Pa 1 Januwale ndikufuna ndikawaphikire a ku Bradford.

Agogo a ku Luton:
Chopangidwa kale sindinachionepo, ndimapanga ndekha. Pitani m'mashopu a amwenye mukafunse ragi, ndi mawere athu omwe aja, koma mugule anjere osati ufa. Anyikeni usiku umodzi, akhetseni madzi, muwakulunge m'kansalu konyowa n'kuika pafupi ndi hita, osati pamwamba pake. Masiku atatu kapena anayi amera. Kenako ayanikeni pa thireyi mpaka aume gwa, n'kupera mu blender. Phala lake la ufa woyera, lizizire kaye mpaka chala chizipirira musanathire chimera, mukathira lili lotentha kwambiri silitsekemera. Kuumitsako n'kumene kumachedwa ndi chinyezi cha kuno, ndiye za pa 1 Januwale mwachedwa nazo, mwana wanga. Ndili nacho m'botolo chimene chinatsala, nditumizireni adiresi kumbali ndikaponye ku positi mawa m'mawa.